Ubale wa mayunivesite a mayiko osiyana: mafunso ndi mayankho pa za ndale ndi chuma

Mafunso awa amafunsidwa kawirikawiri ndi aphunzitsi a m'mayunivesite, akuluakulu a m'maunduna komanso ophunzira. Pamene yankho latalika, dziwani kuti ndi pamene anthu amagwera m'mavuto.

Kodi mayunivesite akamati ali pa ubale, amachitira limodzi chiyani kwenikweni?

Ubale wopepuka ndi wosinthana ophunzira. Wophunzira amapita kunja semesita imodzi kapena chaka chathunthu, fizi akulipirabe kusukulu yake, ndipo makirediti amene wapeza kumeneko amawerengedwa akabwerera. Kenaka pali kafukufuku wochitira limodzi ndi kuthandizana kuyang'anira ophunzira a PhD. Palinso digiri yogawana, monga ija amati 2+2, ya zaka ziwiri kwanu ndi zaka ziwiri kunja. Apa funsani msanga ngati wophunzira adzalandire satifiketi imodzi yokhala ndi zidindo za masukulu onse awiri, kapena masatifiketi awiri osiyana, chifukwa malamulo a mayiko ena salola yoyambayo.

Ubale wolemetsa ndi wotsegula nthambi m'dziko lina. University of Nottingham inatsegula nthambi ku Malaysia mu 2000 ndi ku Ningbo, m'dziko la China, mu 2004. New York University inatsegula ku Abu Dhabi mu 2010, ndipo Carnegie Mellon inafika ku Kigali mu 2011. Pakati pa zonsezi pali njira ya franchise: yunivesite yakunja imabwereketsa silabasi ndi dzina lake, koma ophunzitsa ndi a sukulu ya m'dzikomo.

Tasainirana MoU. Ndiye kuti ubale wayamba?

Ayi. MoU ndi chikalata chongosonyeza kuti mbali ziwiri zikufuna kudzagwira ntchito limodzi. Nthawi zambiri sichimanga aliyense pa lamulo, mulibe bajeti, ndipo mulibe dzina la munthu woti mukamufunse zinthu zikaima. Ma MoU ambiri amene amasainidwa pa maulendo a nduna amathera mu kabati.

Ubale umene umakhalitsa umayambira pansi. Aphunzitsi awiri kapena madipatimenti awiri amayamba ndi kantchito kakang'ono, mwina kulemba pepala limodzi. Kantchitoko kakayenda, yunivesite iliyonse imafufuza inzake: kodi ndi yovomerezeka m'dziko lake, mabuku ake a ndalama amaunikidwa ndi ma odita, mwini wake ndani, ili pa mndandanda wa mabungwe oletsedwa kuchita nawo malonda? Zikatero amalemba pangano lenileni, lomwe limadutsa kwa loya wa yunivesite, ku ofesi ya zachuma, ndi ku seneti ngati mukukhudza maphunziro a digiri. Pangano lotere limatchula ntchito yake, amene adzalipire chilichonse, mwini zotsatira, zaka zimene lidzagwire ntchito, zomwe kawirikawiri zimakhala zitatu kapena zisanu, khoti kapena mkhalapakati woweruza mkangano, ndi njira yotulukiramo. Ndime yotsirizayi anthu amachita nayo manyazi pa tsiku losainirana, koma ndi imene imadzawerengedwa kwambiri.

Nanga ndale zimalowamo bwanji, poti iyi ndi nkhani ya maphunziro?

Paja amati kupatsa n'kuika. Boma likamalipirira mwana wa dziko lina sukulu, limadziwa kuti ena mwa ana amenewo adzakhala nduna, majaji ndi akuluakulu a mabanki. Dziko la America linakhazikitsa pulogalamu ya Fulbright mu 1946. Soviet Union inayankha mu 1960 potsegula yunivesite ku Moscow yolandira ophunzira a ku Africa, Asia ndi Latin America, yomwe chaka chotsatira inapatsidwa dzina la Patrice Lumumba. Dziko la India linadyerera mpikisanowu mwanzeru: sukulu ya zaumisiri ya IIT Bombay ya 1958 inamangidwa ndi thandizo la Soviet Union kudzera ku UNESCO, IIT Madras ya 1959 inathandizidwa ndi West Germany, pomwe IIT Kanpur inathandizidwa ndi gulu la mayunivesite 9 a ku America kuyambira 1962 mpaka 1972.

Chitsanzo chimene chimasonyeza bwino kutalika kwa dzanja la ubale wotere ndi cha ku Chile. Mu 1956 University of Chicago inagwirizana ndi Pontificia Universidad Católica ya ku Santiago kuti iziphunzitsa achinyamata za kayendetsedwe ka chuma, ndalama zake zochokera ku boma la America. Kwa zaka zoposa 15 ophunzirawo ankangodziwika m'makalasi. Augusto Pinochet atalanda boma mu 1973, iwowa ndi amene anatenga maunduna a zachuma. Sergio de Castro, mmodzi wa iwo, anakhala nduna ya zachuma kuyambira 1976 mpaka 1982. Anagulitsa makampani a boma, anatsitsa misonkho ya katundu wolowa m'dziko, ndipo dongosolo la penshoni linaperekedwa m'manja mwa makampani. Kaya munthu amayamikira mfundozo kapena amadana nazo, gwero lake linali pangano la madipatimenti awiri.

Nkhani ina ndi ya Michigan State University, imene kuyambira 1955 mpaka 1962 inkathandiza boma la Ngo Dinh Diem ku South Vietnam, mpaka kuphunzitsa apolisi. Mu 1966 zinaululika kuti m'gulu la alangiziwo munabisala anthu a CIA, bungwe la akazitape la America.

N'chifukwa chiyani ma Confucius Institute abweretsa phokoso, pomwe mayiko ena nawonso ali ndi mabungwe ofalitsa chiyankhulo chawo?

Kusiyana kwake kuli pa malo. British Council, Goethe-Institut ndi Alliance Française nthawi zambiri amakhala pa malo awoawo m'tauni. Confucius Institute, malo ophunzitsirako Chitchaina ndi chikhalidwe cha China, imakhala mkati mwa yunivesite, pa pangano la yunivesiteyo ndi ina ya ku China, ndipo aphunzitsi ndi mabuku ambiri amachokera ku China. Yoyamba inatsegulidwa ku Seoul mu 2004, ndipo pofika 2019 zinali zitaposa 500 pa dziko lonse. Odandaula amati yunivesite imayamba kudziletsa yokha kukamba nkhani za Tibet, Taiwan kapena Tiananmen poopa kukhumudwitsa wopereka. Dziko la Sweden linatseka zake zonse pofika 2020. Ku America zinalipo pafupifupi 100, koma zambiri zinatsekedwa lamulo la 2018 litaletsa unduna wa zachitetezo kulipirira maphunziro a Chitchaina pa yunivesite yosunga Confucius Institute. M'mayiko ambiri a ku Africa zikugwirabe ntchito, pena chifukwa palibenso wina wophunzitsa chiyankhulochi pa mtengo wotere. Yunivesite yofuna kukhala nayo iike m'pangano kuti kulemba aphunzitsi ntchito ndi kuvomereza silabasi zili m'manja mwa seneti yake.

Kodi n'zoona kuti sayansi imayanjanitsa mayiko odana?

Nthawi zina. CERN, labotale yaikulu ya fizikisi, inakhazikitsidwa mu 1954 ndi mayiko 12 a ku Ulaya, ena mwa iwo atangochoka kumene pophana pa nkhondo. Ku Jordan kuli labotale ya SESAME, yotsegulidwa mu 2017, kumene Iran, Israel, Palestine, Egypt, Turkey, Cyprus, Pakistan ndi Jordan amakhala pa tebulo limodzi. Koma ndale zikavuta kwenikweni, sayansi ndi imene imagonja. Russia italowa ku Ukraine mu Febuluwale 2022, yunivesite ya MIT ya ku America inathetsa m'masiku ochepa ubale wake ndi yunivesite ya Skoltech ya ku Moscow, umene unayamba mu 2011. CERN nayo inasiya pangano lake ndi Russia kumapeto kwa Novembala 2024.

Sizifunikanso nkhondo. Anthu a ku Switzerland atavota mu 2014 kuti achepetse olowa m'dziko lawo, mayunivesite awo anachotsedwa mu Erasmus+, pulogalamu ya European Union yosinthana ophunzira. Britain itatuluka mu European Union, inasiya Erasmus, ndipo ofufuza ake anakhala zaka zitatu osadziwa tsogolo lawo mu Horizon Europe, thumba la European Union lolipirira kafukufuku, chifukwa cha mkangano wokhudza Northern Ireland, mpaka analowanso mu Januwale 2024. Thumba limenelo linayamba ndi mayuro 95.5 biliyoni pa zaka za 2021 mpaka 2027, choncho kukhala kunja kwake si nkhani yaing'ono.

Pa chuma, dziko lolandira ophunzira limapindula chiyani?

Ophunzira ophunzira kunja kwa dziko lawo anali pafupifupi 2 miliyoni mu 2000, ndipo pofika 2021 anali ataposa 6 miliyoni. Ku America kokha, m'chaka cha maphunziro cha 2023/24 kunali ophunzira akunja oposa 1.1 miliyoni, ndipo bungwe la NAFSA linawerengera kuti anabweretsa madola 43.8 biliyoni kudzera mu fizi, lendi ndi zogula. Ku Britain ndi ku Australia wophunzira wakunja amalipira kwambiri kuposa mwini dziko, ndipo ndalama zotsalazo ndi zimene zimathandiza kulipirira kafukufuku. Vuto lake n'loti yunivesite yodalira ophunzira a dziko limodzi imagwedezeka boma likangosintha malamulo a visa.

Maphunziro a pamwamba amawerengedwanso ngati malonda m'pangano la GATS la bungwe loona za malonda pa dziko lonse la WTO, limene linayamba kugwira ntchito mu 1995. Izi zinaonekera pa mlandu wa Central European University, imene inali ku Budapest m'dziko la Hungary. Hungary inakhazikitsa lamulo mu 2017 limene linakakamiza yunivesiteyo kusamukira ku Vienna mu 2019. Khoti la European Union linagamula mu Okutobala 2020 kuti Hungary inalakwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kuphwanya malonjezo ake a mu GATS. Chigamulocho chinabwera yunivesite itasamuka kale.

Nanga dziko losauka, limene limatumiza ophunzira kapena kulandira ofufuza, limatsala ndi chiyani?

Zimatengera kumene ntchito yodula imachitikira. Katemera wa malungo wa R21, amene WHO inavomereza mu Okutobala 2023, anapangidwa ku University of Oxford, anayesedwa pa ana ku Burkina Faso, Mali, Kenya ndi Tanzania, koma fakitale yomupanga ndi ya Serum Institute ku India. Mayiko oyeserawo anapindula ndi katemera, malabotale ndi akatswiri ophunzitsidwa. Ntchito za m'fakitale ndi ndalama za malonda zinapita kwina.

Luso lomangidwa ndi ubale wa zaka zambiri limaoneka pa nthawi ya ngozi. Mtundu wa kachilombo ka Covid-19 wotchedwa Omicron unazindikiridwa mu Novembala 2021 ndi malabotale a ku Botswana ndi South Africa. Ya ku Gaborone inachokera pa ubale wa boma la Botswana ndi Harvard, umene unayamba mu 1996 pa nkhani ya Edzi. Akatswiriwo analengeza msanga monga mwa mwambo wa sayansi, ndipo mphoto yake inali yoti mayiko olemera anatsekera ndege zochokera kum'mwera kwa Africa pa nyengo imene alendo okaona malo amachuluka.

Pa nkhani ya ophunzira osabwerera, kumangirira munthu ndi bondi sikuthandiza kwenikweni ngati kwawo kulibe labotale kapena malipiro. Njira imene yathandiza ndi PhD ya sandwich, imene bungwe la Sida la ku Sweden lakhala likulipirira: wophunzira amakhalabe pa ntchito ku yunivesite yake, kafukufuku amachitira kwawo, ndipo kunja amangopitako miyezi ingapo pa chaka. Yunivesite yake iyenera kumuchepetsera makalasi. Ikapanda kutero, PhD ya zaka zinayi imatenga zisanu ndi ziwiri.

Kodi ma overhead ndi chiyani, ndipo bwanji amakanganitsa?

Polojekiti iliyonse imagwiritsa ntchito magetsi, madzi, intaneti, alonda, laibulale ndi ma akauntanti a yunivesite. Zimenezi sizilembedwa mzere ndi mzere mu bajeti. Opereka ndalama amangoonjezera gawo lina pamwamba pa ndalama za ntchito yeniyeni, ndipo gawo limeneli ndiye overhead. Horizon Europe imapereka 25 peresenti. Gates Foundation imafika pa 15 peresenti kwa mayunivesite a kunja kwa America. Bungwe la NIH la ku America, lolipirira kafukufuku wa zaumoyo, lakhala likupereka 8 peresenti yokha kwa mabungwe akunja, pomwe mayunivesite akuluakulu a ku America komweko akhala akulandira yoposa 50 peresenti. Ndiye pa ntchito ya madola 100,000, yunivesite ina ilandira 8,000 yoyendetsera zonse zija, ina 50,000 kapena kuposa. Ngati mtengo weniweni uposa umene walandira, yunivesite yosaukayo ikulipirira kafukufuku wa anzake ndi fizi ya ophunzira ake. Yunivesite imene sinawerengerepo mtengo wake weniweni ilibe poyambira kukambirana.

Pali misampha ina itatu ya ndalama. Woyamba ndi wolipira ntchito itachitika kale: mumagwiritsa ntchito ndalama zanu, n'kutumiza malisiti, n'kudikira miyezi itatu kapena kuposa. Pemphani kuti gawo loyamba libwere ntchito isanayambe. Wachiwiri ndi kusintha kwa mphamvu ya ndalama. Pangano linene ndalama ya dziko liti imene bajeti yalembedwamo, ndi amene adzasenze chiphinjo mtengo ukasintha. Wachitatu ndi makina. Polojekiti imagula makina odula, koma osaikapo ndalama za sevisi, mankhwala ogwiritsira ntchito ndi malipiro a tekinishani, ndiye polojekiti ikatha makinawo amangokutidwa ndi pulasitiki.

Dziwaninso kuti ndalama zochokera ku thumba la thandizo la boma zimatha kudulidwa ntchito ili mkati. Mu 2021 Britain inatsitsa thandizo lake kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti ya chuma chake, bungwe lake lolipirira kafukufuku la UKRI linapereweredwa ndi mapaundi 120 miliyoni, ndipo mapolojekiti amene anali atalemba kale anthu ntchito m'mayiko osauka anadulidwa pakati.

Data, masampulo ndi patenti zimakhala za yani?

Za amene pangano lamutchula. Pangano likakhala chete, zimakhala za amene ali ndi seva ndi firiji. Sampulo iliyonse yotuluka m'dziko iyende ndi pangano losamutsira zinthu, lija amati MTA, lonena chimene ikukachita, nthawi imene isungidwe, ngati ingaperekedwe kwa wina, ndi ngati idzabwezedwe kapena kuwonongedwa. Pa zomera, nyama ndi tizilombo pali Nagoya Protocol ya 2010, imene inayamba kugwira ntchito mu 2014: pamafunika chilolezo cha dziko lochokerako ndi kumvana za kagawidwe ka phindu. Masampulo a anthu sali m'panganoli. Iwo amatetezedwa ndi makomiti oona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo chilolezo chitengedwe m'mayiko onse awiri. Ngati mnzanu ali ku European Union, lamulo la GDPR la 2018, loteteza zinsinsi za anthu, lidzakhudza momwe mbiri ya anthu imasamutsidwira.

Pa patenti, siyanitsani nzeru zimene aliyense wabwera nazo ndi zimene zipezeke pa ntchitoyo. Mayunivesite a ku America amabwera atakonzeka, chifukwa lamulo la Bayh-Dole la 1980 linawalola kukhala eni a zotulukira pa kafukufuku wolipiridwa ndi boma, ndipo ali ndi maofesi a maloya ongoona zimenezi. Mayina a olemba pepala nawo akambidwe ntchito isanayambe. Ikatha, amene anasonkhanitsa data m'midzi amangothokozedwa m'munsi mwa tsamba.

Yunivesite ingakane mphatso ya ndalama?

Ingakane, ndipo nthawi zina iyenera. Mu 2009 London School of Economics inavomera mphatso ya mapaundi 1.5 miliyoni kuchokera ku bungwe lotsogozedwa ndi Saif al-Islam Gaddafi, mwana wa Muammar Gaddafi yemwe ankalamulira Libya pa nthawiyo. Saif anali atangolandira PhD pa sukulu yomweyo. Sukuluyo inali italandirako mapaundi 300,000 okha pamene zipolowe za ku Libya zinayamba, ndipo mkulu wake, Howard Davies, anatula pansi udindo mu Malichi 2011. Wovomereza mphatso asakhale yemwe waipempha. Pakhale komiti ina yofufuza gwero la ndalamazo.

Maboma nawo akulowererapo. Ku America, mphatso kapena kontrakiti yakunja yofika madola 250,000 iyenera kulengezedwa ku boma. Ku Australia, lamulo la 2020 linapatsa nduna ya zakunja mphamvu yothetsa mapangano ena a mayunivesite a boma ndi mabungwe akunja. Kafukufuku wa zinthu zotha kugwiritsidwanso ntchito pa nkhondo, monga ma drone ndi tizilombo toopsa, amafuna chilolezo chapadera ngakhale pongotumiza zotsatira pa imelo.

Digiri ya pa ubale wotere idzavomerezedwa kwathu?

Musanalipire, funsani bungwe loona za maphunziro a pamwamba m'dziko limene mukufuna kukagwira ntchito, ndipo ngati ndi udokotala, uinjiniya kapena zamalamulo, funsaninso bungwe la ntchitoyo. Alipo mapangano othandiza: la Lisbon la 1997 la ku Ulaya, la Addis Ababa la 2014 la mu Africa, ndi la UNESCO la dziko lonse la 2019, limene linayamba kugwira ntchito mu 2023. Mapanganowa amati digiri iunikidwe mwachilungamo, koma sakakamiza dziko kuivomereza yokha. Pa makirediti, chaka chimodzi ku Ulaya ndi makirediti 60 otchedwa ECTS, kirediti imodzi ikuimira maola 25 mpaka 30 a ntchito, pomwe ku Britain chaka ndi makirediti 120. Wosinthana asainitse mndandanda wa makosi ake ku masukulu onse awiri asananyamuke, apo ayi adzabwereza chaka.

Chimachitika n'chiyani nthambi ikatsekedwa ophunzira asanamalize?

Nthambi zimatsekedwa ndithu. Yunivesite ya UNSW ya ku Australia inatsegula ku Singapore mu 2007 ikuyembekezera ophunzira 300 pa semesita yoyamba. Anabwera 148, ndipo inatseka semesita imodzi itangotha. Yale-NUS College, ku Singapore komweko, inalengezedwa mu 2021 kuti itsekedwa, koma inadikira kuti gulu lomaliza limalize mu 2025. Yunivesite ya Texas A&M inaganiza mu Febuluwale 2024 zochoka ku Qatar, kumene inakhala kuyambira 2003, ndipo inaika 2028 ngati chaka chotsekera.

Kusiyana kwa nkhani yoyamba ndi ziwiri zinazo ndi ndime imene m'pangano amati teach-out. Imanena kuti mbali iliyonse ikafuna kutuluka ipereke chidziwitso pasadakhale, mwina miyezi 12, kulemba ophunzira atsopano kuime, ndipo amene alipo aphunzitsidwe mpaka amalize pa fizi ndi digiri imene analonjezedwa. Inenenso amene adzasunge zotsatira za mayeso sukulu itatsekedwa, chifukwa wophunzira adzafuna transcript yake patapita zaka 20. Wofuna kulembetsa pa nthambi ya yunivesite yakunja ali ndi ufulu wofunsa ngati ndime imeneyi ilipo, komanso dzina la yunivesite imene idzalembedwe pa satifiketi yake.